Kandege kakale ndi kandege ka masiku ano

Masiku ano ukatchula mawu akuti "kandege" pakati pa ophunzira, aliyense amadziwa kuti ukunena gemu ya juga ya pafoni ija. Kandege kofiira kamanyamuka, nambala nkumakwera, iwe mtima uli m'mwamba kudikira kuti udine batani kasanathawe ndi ndalama zako. Ena apezerapo ya sopo, koma ambiri atayirapo ya upkeep mwezi usanafike ndi pakati pomwe. Kwa ife amene tinakulira m'matauni aang'ono a kuchigwa cha Shire, monga Nchalo, Ngabu ndi Bangula, kunali kandege kena kale, foni za intaneti zisanafike m'manja mwa aliyense. Kanali ka pa TV. Kankakhala m'munsi mwa sikirini nkumawombera m'mwamba, adani akutsika ngati dzombe.

Tindege tiwiriti tonse tinapangidwa kuti tidye ndalama za anthu, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi. Koma pali kusiyana kumodzi komwe ndikuona kuti anzanga ambiri sakulabadira. Kandege kakale kankalemekeza luso: ukachita khama, ndalama yako yomweyo inkakugulira nthawi yaitali. Ka masiku ano, ngakhale utasewera zaka khumi, umakhalabe chimodzimodzi ndi munthu amene wayamba lero. Kuti mumvetse chifukwa chake kusiyana kumeneku ndikukutenga ngati nkhani yaikulu, ndiloleni ndifotokoze kumene kandege kakale kanachokera ndi mmene kanayendera mpaka kufika ku Nchalo.

Kumene zinayambira

Mu 1978 kampani ya Taito ya ku Japan inatulutsa Space Invaders, gemu imene anapanga ndi Tomohiro Nishikado. Sinali ya pakhomo. Inali m'chibokosi chachikulu chokhala ndi sikirini, ndodo yowongolera, batani ndi kachiboo koponyamo ndalama yachitsulo ya 100 yen. Mabokosi otere ankawaika m'malo omwera khofi ndi m'nyumba za magemu zotchedwa arcade. Pali kankhani kosangalatsa pa gemu imeneyi. Makina a nthawiyo anali ofooka, moti adani akachuluka pa sikirini ankayenda pang'onopang'ono, ndipo ukawachepetsa makina ankapepukidwa, otsalawo nkuyamba kuthamanga. Nishikado anazisiya choncho. Kufooka kwa makina kunasanduka lamulo la gemu: ukamachita bwino, zinthu zimalimba.

Kenako Namco inabweretsa Galaxian mu 1979 ndi Galaga mu 1981, momwe adani anasiya kungofola, nkuyamba kuchoka pamzere kudzakugwera ngati mphamba pa anapiye. Xevious ya Masanobu Endo, imene inafala mu 1983, inasintha zinthu kwambiri. Pansi panayamba kuyenda: nkhalango, mitsinje ndi misewu zinkatsika pa sikirini, iwe nkumaona ngati ukuulukira kutsogolo, uli ndi mfuti ya adani a m'mwamba ndi bomba la adani a pansi. Mu 1984 kunabwera 1942 ya Capcom ndi Star Force ya Tehkan, ndipo mu 1985 TwinBee ya Konami. Magemu onsewa anali ndi sikirini yoimirira, yaitali kupita m'mwamba kuposa m'mbali, kuti mdani umuone akadali patali.

Mwini arcade ankafuna kuti munthu asewere mphindi zochepa, afe, aponyenso ndalama kapena apatse mpata wina. Koma opanga magemu ankadziwanso kuti munthu akangoona kuti wafa mopanda chilungamo, sabweranso. Nchifukwa chake ankayesetsa kuti imfa iliyonse ikhale ndi chifukwa chooneka. Chipolopolo chimene chakupha unkachiona chikubwera. Adani ankabwera m'njira zomwezomwezo tsiku lililonse, moti munthu wotchera maso ankatha kuziloweza.

Kuchoka m'chibokosi kulowa m'nyumba

Magemuwa atatchuka, makampani anaganiza zowasamutsira pa makina aang'ono olumikiza ku TV ya pakhomo. Space Invaders inapita pa Atari 2600 mu 1980 ndipo inagulitsa makinawo kwambiri. Mu July 1983 Nintendo inatulutsa Famicom ku Japan, ndipo magemu a ndege aja anatsatira mmodzimmodzi: Galaxian ndi Xevious mu 1984, Galaga, Star Force ndi 1942 mu 1985, TwinBee mu 1986. Xevious yokha inagulidwa makatiriji oposa 1 miliyoni.

Kusamutsa kumeneku kunali ngati kulongedza katundu wa lole pa njinga ya kabaza. China chake chinayenera kutsala. Choyamba, TV ya pakhomo ndi yogona, yotambalala m'mbali, pamene gemu inapangidwira sikirini yoimirira. Galaga ya mu arcade inali ndi timadontho 224 m'lifupi ndi 288 m'litali, pamene Famicom inali ndi 256 m'lifupi ndi 240 m'litali. Mtunda wa pakati pa iwe ndi mdani unafupika. Opanga Galaga ya pa Famicom anachita nzeru yokankhira mapointi kumbali ya kumanja kuti bwalo losewerera likhalebe lopanikizika ngati lakale. Chachiwiri, Famicom inkatha kuonetsa tizithunzi toyenda 64 pa sikirini, koma 8 tokha pa mzere umodzi wopingasa. Tikapitirira pamenepo, tina tinkaphethira kapena kuzimiririka kumene. Amene munasewerapo 1942 mukukumbukira mmene ndege zinkathwanimira zikachuluka. Ife tinkati TV yatopa, chonsecho anali malire a makinawo.

Anthu okonda magemuwa akhala akudandaula za sikirini yogonayi kwa zaka zambiri, moti The Raiden Project imene inatuluka pa PlayStation mu 1995 inapereka mwayi woti munthu aimiritse TV yake cham'mbali kuti gemu ioneke ngati ya mu arcade. Koma kusintha kwakukulu pa zonse kunali kwa kachiboo ka ndalama kaja. Pakhomo kanachoka. Mwana wa ku Osaka kapena ku Chicago, makolo akamugulira katiriji, ankatha kufa kambirimbiri osalipira kalikonse, ali yekha kuchipinda. Gemu imene inapangidwira pagulu inasanduka ya munthu mmodzi.

Mmene kanafikira kuchigwa

Ine sindinaonepo Famicom yeniyeni ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Imene inatifika inali yokopera. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mafakitale a ku Taiwan, kenako a ku China, anayamba kupanga makina otengera Famicom ndi kuwagulitsa motchipa kumaiko amene Nintendo sinkawalabadira. Ku Russia ankawadziwa ndi dzina loti Dendy, ku Poland Pegasus, ku South Africa ambiri ankangoti TV game. Ena ankalembedwa kuti Terminator, ndipo ena ankawapangira chikhungwa chofanana ndi cha PlayStation kuti wogula asangalale. Kwathu ankabwera kuchokera m'mashopu a ku Limbe, kutsika mapiri a ku Thabwa pa minibasi, kapena m'chikwama cha munthu wochokera ku Joni. Katiriji yake inali yachikasu, yolembedwa kuti muli magemu 9999999, koma ukayamba kuwerenga unkapeza kuti ndi magemu ochepa omweomwewo, angowasintha maina ndi poyambira.

Kotero gemu inatipeza itadutsa m'manja atatu: inapangidwira arcade, inachepetsedwa kuti ikwane mu Famicom, nkukoperedwanso ndi anthu amene sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Inafikanso mochedwa. Dziko la Malawi linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999, ndipo ife tinkasewera 1942 cha m'ma 2011 ndi 2012, gemuyo ili ndi zaka pafupifupi 30. Panalinso kusintha kwina kumene tinalibe nako ntchito panthawiyo. Ma TV a ku Japan ankasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene a kuno ndi ka 50, ndipo makina ambiri okopera opangidwira maiko ngati lathu ankatsatira 50. Ndiye kuti kandege kathu kankayenda pang'onopang'ono kuposa ka ku Tokyo, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Ngakhale kanyimbo kake kankachedwa.

Munthu angaone ngati tinalandira zotsalira, ndipo mbali ina ndi zoona. Koma kuchigwa kunachitika chinthu chimene opanga makina a pakhomo sanachiganizire. Makina a pakhomowo anabwereranso pagulu. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti m'Malawi muno ndi banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi khumi limene linkaunikira ndi magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Magetsi amapangidwa pa Kapichira m'boma la Chikwawa momwemo, koma nyumba zambiri za m'bomalo zimangoona mawaya akudutsa. Nyumba yokhala ndi magetsi, TV ndi TV game nthawi imodzi inali imodzi m'dera lonse. Ana onse ankathera kumeneko. Kwina anali pa barbershop, kwina pakhonde la kanyumba ka vidiyo masana filimu isanayambe, kwina TV yaing'ono yolumikizidwa ku batire ya galimoto.

Kumene ine ndinkapita, kuseri kwa msika wa Nchalo, mwiniwake tinkangomuti achimwene. Unkalipira K10 kapena K20, nkulandira chogwirira chimene tinkachitcha padi, ndipo lamulo linali limodzi: miyoyo yako ikatha, padi ipite kwa wina. Kachiboo ka ndalama kamene kanachotsedwa ku Japan kanabwereranso kwathu, kokha kuti tsopano kanali dzanja la achimwene. M'mwezi wa October, kutentha kukapitirira madigiri 40 monga kumachitira kuchigwa, adaputa inkatentha moti sunkatha kuigwira, achimwene nkulamula kuti makina apume. Tonse tinkakhala pamthunzi kudikira, tikukangana za amene wafika patali.

Zimene mzere unatiphunzitsa

Popeza ndalama inali yochepa ndipo anthu anali ambiri, nthawi yambiri unkaithera kuonerera. Kuonerera kumeneku kunali sukulu. Usanagwire padi unali utadziwa kale kuti mu 1942 ndege zofiira zikabwera pamzere uyenera kuzimaliza zonse kuti zisiye mphamvu yowonjezera, komanso kuti kutembenuza ndege m'mwamba kuli ndi malire ndipo sukuyenera kukuwononga pachabe. Mu Galaga unkaphunzira chinyengo chokoma chija: kulola dala kuti mdani wamkulu akube ndege yako, kenako nkumuwombera akutsika kuti ndegeyo ibwerere, ziwiri zilumikizane, uziwombera kawiri nthawi imodzi. Ukaphonya nkuwombera ndege yako yomwe, wataya moyo pachabe ndipo khonde lonse likuseka. Unkadziwanso kuti pa siteji yachitatu adani 40 amangodutsa osawombera, ndipo amene wawamaliza onse amalandira mapointi 10,000.

Palibe amene anatipatsa buku la malangizo, chifukwa katiriji yokopera sibwera ndi buku. Nzeru zonse zinkayenda pakamwa, kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, Chichewa ndi Chisena zitasakanikirana. "Khala pakati iwe, usathawire pakona!" "Musiye adutse ameneyo, sakuona." Kuona maso a nkhono nkudekha, amatero akuluakulu, ndipo magemuwa ankafuna kudekha komweko. Wongodina batani mwaphuma ankafa msanga. Amene ankakhalitsa anali uja wosuntha pang'ono, woyang'ana zipolopolo osati adani.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Mwana wosauka kwambiri pakati pathu ankatha kukhala katswiri woposa onse, ndipo ukatswiri wake unali ndi phindu lowerengeka. K20 ya mwana wa kapitawo wa ku esiteti ya nzimbe inkatha m'mphindi ziwiri. K20 ya mnyamata wina wogulitsa madzi ozizira pa siteji ya minibasi inkatha patadutsa theka la ola, anthu atamuzungulira, achimwene akung'ung'udza kuti akuwalowetsa pansi. Gemu sinkafunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji. Ikatha, Galaga inkakuonetsa zipolopolo zimene waponya, zimene zagunda ndi peresenti yake. Sinkanyengerera munthu, komanso sinkabera munthu. M'dera limene zinthu zambiri zimatengera amene ukumudziwa, kapena ngati madzi osefukira adutsa m'munda mwako kapena mwa mnzako, kukumana ndi chinthu chimene chimangoyang'ana zimene manja ako achita kunali kosowa.

Magemuwa ankagwirizananso ndi magetsi athu. Analibe posungira pamene wafika, sankafuna bandulo, sankafuna akaunti. Magetsi akazima, wataya mphindi khumi zokha. Ndinakumbukira zimenezi mu 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu January, dziko nkutaya mphamvu za magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magemu a masiku ano, amene amafuna kutsitsa mafayilo akuluakulu usanayambe nkomwe, anapangidwira anthu amene magetsi ndi intaneti sizimawathawa. Akale aja, mwangozi chabe, anatikwana ngati kuti anatiyeza.

Nkhondo ya ndani?

Monga wophunzira za mbiri ndi chikhalidwe, pali china chimene chimandidabwitsa ndikaganiza za 1942. Mu gemu imeneyi iwe ndiwe woyendetsa ndege ya nkhondo ya America ya mtundu wa P-38 Lightning, ukuchokera ku Midway kulowera ku Tokyo, masiteji 32, ukugwetsa ndege za Japan. Koma anaipanga ndi anthu a ku Japan, pansi pa Yoshiki Okamoto, patangopita zaka zosakwana 40 dziko lawo litagonja pa nkhondoyo. Ankafuna kuti igulidwe kunja, ndipo msika unawauza mbali yoti aime.

Ife pakhonde paja tinkangoti "adani". Sitinkaganiza kuti nkhondo imeneyo inakhudzanso agogo athu. Asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles anatumizidwa ku Burma, ndipo mu 1944 anamenyana ndi asilikali a Japan m'chigwa cha Kabaw, m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo. Chipilala cha asilikali chili ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo ambiri timangochidutsa pa minibasi. Taganizirani: zidzukulu za anthu amene anamenya nkhondoyo wapansi zikusewera nkhondo yomweyo m'mwamba, pa makina a ku China okopera makina a ku Japan, zili m'ndege ya America. M'gemu monsemo mulibe Mwafirika ngakhale mmodzi. Ichi si chifukwa chodera gemuyo. Ndi chifukwa choionera ngati cholembedwa chimene chingawerengedwe ndi kufunsidwa mafunso, monga timachitira ndi ndakatulo kapena filimu m'kalasi.

Zotsutsa zimene ndikuzivomereza

Wina anena kuti ndikukometsa zakale. Ali ndi mfundo zingapo zoona. Pa makhonde aja pankathera ndalama ya kuchigayo. Ana ena ankathawa sukulu, ndipo makolo amene ankabwera ndi kamtengo kudzawathamangitsa sanali olakwa. Atsikana sankapezekapo kawirikawiri, chifukwa nthawi imene ife tinkadikira padi, iwo anali kumjigo kapena akulera ana. Chilungamo chimene ndikutamachi chinali cha anyamata okhaokha, ndipo zimenezi zimachichepetsa. Komanso makatiriji aja anali akuba: amene anapanga magemuwo sanalandirepo tambala kuchokera ku Nchalo.

Winanso anena kuti luso lozemba zipolopolo pa TV silidyetsa munthu. Zoona, palibe amene analembedwa ntchito chifukwa chomaliza 1942. Koma bawo nayonso sidyetsa munthu, ndipo palibe amene amakayika kuti mkulu wodziwa bawo ali ndi kanthu m'mutu. Phindu la masewero otere ndi chizolowezi chimene amabzala mwa munthu: kukhulupirira kuti ukalephera pali chifukwa, chifukwacho chingapezeke, ndipo mawa ungachite bwino kuposa lero.

Kandege katsopano

Tsopano tiyerekeze ndi kandege ka pafoni. Dzina lake lenileni ndi Aviator, ndipo inapangidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019. Maonekedwe ake akufanana ndi gemu: pali ndege, pali batani, pali nthawi yoti uchitepo kanthu mwachangu. Palinso gulu, chifukwa umaona pambali maina a ena ndi ndalama zimene apata. Zonse zimene zinkatikokera pakhonde la achimwene zilipo. Chimene palibe ndi chipolopolo choti uchione chikubwera. Nambala imene kandege kathawire imasankhidwa mwamwayi, ndipo zimene zinachitika m'maulendo khumi apitawo sizikuuza chilichonse za ulendo wotsatira.

Eni ake sabisa masamu ake. Amanena kuti gemuyi imabweza 97 peresenti ya ndalama zimene anthu abetcha. Ndiye kuti pa K1,000 iliyonse imene yalowa, tikaphatikiza osewera onse kwa nthawi yaitali, K970 imabwerera kwa osewera, K30 imatsala. Zikumveka zochepa, koma ulendo umodzi umatha m'masekondi, ndipo ndalama imene wapata umaibwezanso momwemo. K30 ija imadulidwa mobwerezabwereza mpaka thumba litauma. Kaya utuluke msanga, kaya udikire, kaya ulembe manambala m'kope, kaya ugule pulogalamu imene ena amanama kuti imalosera, gawo la mwini gemu silisuntha.

Chimene chimandipweteka ndi kumva anzanga akulankhula za kandege katsopano ndi mawu amene tinkalankhulira kakale. "Ndakagwira kayendedwe kake." "Usiku kamapatsa." "Ukaona tating'ono tatsatizana, kakulu kali pafupi." Uku ndi kuganiza kwa munthu amene anaphunzira kuti kutchera maso kumapindulitsa, ndipo pa Galaga kunali kuganiza kolondola. Kandege katsopano kabwereka chovala cha gemu ya luso kuti kakole anthu amene amakhulupirira luso. Munthu akataya, amadziimba mlandu kuti anachedwa kudina, nkubwereranso kuti akakonze, chonsecho panalibe choti nkukonza. Pakhonde paja, ukafa unkapereka padi nkupita kumapeto kwa mzere, ndipo mzerewo unkakupatsa nthawi yoti mtima utsike. Pafoni palibe mzere, palibe achimwene onena kuti makina apume, palibe mnzako wokuseka kuti usiye. Uli wekha m'bulangeti pakati pa usiku, ndalama zikuchoka mu akaunti ya pafoni osazigwira ndi m'manja.

Choti tichite nazo

Sindikunena kuti tikafukule ma Terminator akale. Ambiri anapsa, ena anapita ndi madzi a 2015 kapena a namondwe wa Freddy mu 2023. Magemuwo pawokha sali pangozi yotayika. Kuyambira 1997 pali ntchito ya MAME, imene anayambitsa Nicola Salmoria, yosunga magemu a mu arcade kuti azitha kuseweredwa pa kompyuta, ndipo kampani ya Hamster yakhala ikuwatulutsanso mwalamulo pa makina atsopano kuyambira 2014. Mbali ya Japan ya nkhaniyi inasungidwa bwino. Imene ili pangozi ndi mbali yathu: malamulo a pakhonde, mitengo yake, maina amene tinapatsa magemu ndi adani, ndi amene ankaloledwa kugwira padi.

Chigwa cha Shire chalembedwa kwambiri. Matthew Schoffeleers analemba za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi, Elias Mandala analemba za thonje, ntchito ndi njala, ndipo malipoti a madzi osefukira ndi osawerengeka. Zonsezo ndi zofunika. Koma munthu wowerenga zimenezo zokha angaganize kuti ana a kuchigwa ankangothawa madzi ndi kudikira chithandizo. Tinkaseweranso, ndipo mmene tinasandutsira makina a munthu mmodzi kukhala a mudzi wonse ndi mbiri yoyenera kulembedwa. Inu amene mukusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, anthu amene ankayendetsa makhonde amenewa akadalipo. Ena pano amatchajitsa mafoni, ena ali ndi PlayStation pamene ana amalipira kuti amenye mpira. Kapezeni mmodzi, mukhale naye pansi ndi foni yojambulira mawu.

Ndipo pa gemu iliyonse imene ikukupemphani ndalama, dzifunseni funso limodzi musanadine: nditasewera mwezi wathunthu, kodi ndalama yomweyi idzandifikitsa patali kuposa lero? Pa 1942 yankho linali inde, ndipo mnyamata wogulitsa madzi ankatsimikizira zimenezo masana aliwonse. Pa kandege ka pafoni yankho analilemba kale eni ake, ndipo ndi K970 pa K1,000.